Walira Galimoto, Walira Makaniko

Aliyense wokhala m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Karonga amawadziwa magalimoto a IT. Amadutsa mondondozana, fumbi la ku Tanzania lidakali m'mbali, manambala olembedwa pagalasi asanafufutidwe. Atsika sitima pa doko la Dar es Salaam, ayenda makilomita oposa 900 kudzera ku Morogoro, Iringa ndi Tukuyu, aoloka mlatho wa Songwe, ndipo msonkho wa MRA ukalipidwa amapitirira kwa eni ake ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ena amatsala konkuno. Ambiri mwa iwo ndi timagalimoto ting'onoting'ono: Vitz, Passo, Fit, Demio, March, Note, Mira, ndiponso Sienta imene lero yasanduka minibasi ya m'midzi.

Popeza chipata chili pakhomo pathu, abale ambiri mumpingo ayamba kuganiza zoitanitsa kagalimoto kawo. Ife tinagula kathu mu 2019, ka injini ya 1300cc, kopangidwa mu 2009, titasunga ndalama za mpunga ndi za malipiro kwa zaka zinayi. Kuyambira pamenepo, abale akatipeza amafunsa funso limodzi: "Kodi kameneka kamamwa bwanji?" Amatanthauza petulo. Timawayankha kuti kamamwa pang'ono, ndipo n'zoona. Koma funso limene limasautsa mabanja ndi lina: chimafa ndi chiyani, chimafa liti, ndipo kukonzetsa kwake kumalanda chiyani pakhomo? M'galimoto mwathu timasunga kope limene timalembamo tsiku, makilomita, chimene chakonzedwa ndi ndalama zake. Zimene tikulemba pano zachokera m'kope limenelo ndi m'zimene taona kwa anzathu.

Yatsopano kwa ife, yakale kwa iwo

Ku Japan galimoto imapimidwa ndi boma ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse. Kupimako kumadya ndalama zambiri, choncho eni ake ambiri amagulitsa galimoto idakaoneka bwino. N'chifukwa chake imafika kuno mipando ili yoyera, penti ikuwala. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitsulo za injini zimakhala zamphamvu ndithu. Chimene chimakalamba ndi labala. Mapaipi a madzi, mabushi, lamba wa fani ndi timatumba ta labala totchinga girisi zimauma ndi zaka, ngakhale galimoto itayenda makilomita ochepa.

Matayala ndi oyamba kuwayang'ana. M'mbali mwa tayala mumakhala manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2314 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Tayala likhoza kukhala ndi mano abwino koma lili lokalamba, lodzadza ndi timing'alu. Magalimoto ena amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu, a labala wofewa wopangira madzi oundana. Pa phula lotentha la ku Karonga amenewa amadyeka msanga ndipo sagwira bwino pamabuleki. Galimoto yochokera kumadera a chisanu, monga Hokkaido, iyeneranso kusuzumiridwa pansi, chifukwa mankhwala amene amawaza m'misewu posungunula chisanu amadyetsa zitsulo dzimbiri.

Choncho mtengo wa galimoto sumathera pa Songwe. Mwezi woyamba womwewo pamafunika oyilo watsopano, masefa, mwina matayala ndi batire, kuwonjezera pa kulembetsa, COF ndi inshulansi. Wogula amene wathera ndalama zonse pa msonkho amayamba umwini wake ndi ngongole.

Miyendo ndiyo imayamba kudandaula

Timagalimoto timeneti tinapangidwira misewu yosalala, ndipo mimba yake imayenda pafupi ndi nthaka. Ukangosiya phula n'kulowa njira ya kumasikimu a mpunga, kaya ku Hara, ku Wovwe kapena ku Lufilya, miyendo yake imagwira ntchito imene sinaphunzire. Pa zonse zolembedwa m'kope mwathu, zobwerezabwereza ndi za miyendo. Mashoko akutsogolo tasintha kawiri, mabushi katatu.

Ubwino wake ndi wakuti miyendo siifa mwakachetechete. Kugogoda pamabampu ndi mabushi kapena timizati ta stabilizer. Galimoto ikamadumphadumpha itadutsa dzenje, kapena shoko ikamaoneka yonyowa ndi oyilo, mashoko atha. Kulira kwakuti "ta-ta-ta" pokhota ndi CV joint, ndipo nthawi zambiri vuto limayamba ndi kathumba ka labala kong'ambika: girisi amatuluka, mchenga umalowa. Chiwongolero chikamasewera kapena tayala likamadyeka mbali imodzi, ndi ma tie rod end, ma ball joint kapena alaimenti.

Apa ndi pamene ndalama zimasungika kapena kutayika. Kathumba ka labala ndi kotchipa. CV joint yonse ndi yodula kangapo. Bushi ndi kanthu kakang'ono, koma ikasiyidwa imadyetsa tayala latsopano m'miyezi yochepa. Ball joint ikathyoka galimoto ikuyenda, tayala limapindikira m'kati ndipo dalaivala alibenso chochita. Pamenepo nkhani siikhalanso ya ndalama.

Kutentha ndi phiri la Chiweta

Mu October ndi November kuno kumatentha kupitirira madigiri 30 tsiku ndi tsiku. Ulendo wa ku Mzuzu ndi wa makilomita pafupifupi 220, ndipo ukadutsa Chilumba ndi Chitimba pamakhala chikweza cha Chiweta, chokhotakhota, chimene kainjini kakang'ono kamakwera kakulira. Ngati pali chofooka m'njira ya madzi oziziritsa injini, chimaonekera pamenepo.

Zofooka zake n'zodziwika: redieta yotsekeka ndi dzimbiri kapena yong'ambika pa pulasitiki ya pamwamba, paipi yofewa, fani yosazungulira, pampu ya madzi yodontha. Madzi a pamjigo kapena a m'nyanja amasiya dzimbiri ndi matope m'kati. Injini imafuna madzi a mankhwala otchedwa coolant. Amakaniko ena amachotsa thermostat poganiza kuti kuno n'kotentha kale, koma kutero kumangobisa vuto lenileni ndipo injini imamwa petulo wambiri. Magalimoto ambiri a mtunduwu alibe muvi wosonyeza kutentha. Ali ndi kanyali kamene kamayaka kobiriwira injini ikazizira ndi kofiira ikatentha, ndipo kofiirako kakayaka nthawi yatsala yochepa.

Mbale wina wa mumpingo mwathu anakaona kakuyaka ali pakati pa phiri, ndipo anati angofika pamwamba. Anafika, koma gasiketi ya kumutu kwa injini inapsa, mutuwo unapindika, ndipo galimoto inakhala pagalaja miyezi itatu. Chinayambitsa zonsezi ndi paipi ya mtengo wa nkhuku ziwiri. Kanyali kofiira kakayaka, imani pamalo abwino ndi kuzimitsa injini. Musatsegule chivindikiro cha redieta injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amatumphuka ndi nthunzi n'kuwotcha nkhope ndi manja. Ife pampu yathu ya madzi inayamba kudontha mu 2022, ndipo tinaizindikira ndi timadontho pansi m'mawa galimoto itagona. Timadontho totere ndi kalata yochokera ku injini.

Potsika phiri lomwelo vuto limasamukira ku mabuleki. Kupondereza buleki njira yonse kumatenthetsa mapadi ndipo mafuta a mabuleki amatha kuwira, phazi n'kungomira. Pa ndodo ya magiya pamakhala chilembo cha B, S kapena L, chimene chimachititsa injini kugwira galimoto potsetsereka. Mafuta a mabuleki amakoka chinyezi pakapita nthawi, choncho amafuna kusinthidwa pakatha zaka ziwiri.

Giyabokosi yosakhululuka

Ambiri mwa magalimoto aang'ono opangidwa cha m'ma 2005 kubwera kuno ali ndi giyabokosi ya mtundu wa CVT. M'kati mwake mulibe magiya a mano osinthana monga tinazolowera. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amafutukuka ndi kupanikizana. Imapulumutsa petulo, koma ili ndi malamulo ake. Imafuna oyilo wake wa CVT, amene dzina lake limalembedwa m'buku la galimoto, osati oyilo wofiira wa ma automatic akale. Siikonda katundu wolemera, siikonda kupalasa m'matope kapena mumchenga, ndipo siiyenera kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala akutsogolo ali pansi. Batire ikafa, kukankha sikuliza injini.

Zizindikiro zake ndi kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati likhweru, ndi injini kukuwa galimoto isakuthamanga. Amakaniko odziwa kuphwasula CVT ndi ochepa, choncho ikafa njira yake nthawi zambiri ndi kugula ina yakale yathunthu, imenenso sudziwa mbiri yake. Kupatula injini yonse, palibe chinthu chodula kuposa ichi. Amene mukugula galimoto yoyenda kale m'dziko muno, iyeseni pachikweza injini itatentha, osati pabwalo pokha.

Petulo, batire ndi madzi osefukira

Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Galimoto zimayenda naye bwino, koma ethanol amakoka madzi, ndipo petulo wokhalitsa m'zigubu amasonkhanitsa chinyezi ndi zinyalala. M'nyengo za kusowa kwa mafuta zimene taziona kuyambira 2022, ambiri amagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu ndi kuyenda thanki ili pansi. Pampu ya petulo imakhala m'kati mwa thanki ndipo imazizira ndi petulo yemweyo. Thanki ikamakhala youma kawirikawiri pampuyo imapsa. Kusunga zigubu za petulo m'nyumba momwe muli mbaula ndi ana ndi ngozi ina yoposa kufa kwa pampu.

Injini ikamagwedezeka ndi kusowa mphamvu, kawirikawiri ndi mapulagi kapena koyilo. Funsani msanga kuti injini yanu ili ndi angati: Vitz ndi Passo zambiri za 1000cc zili ndi masilinda atatu, pamene Honda Fit yoyambirira ya 1300cc ili ndi mapulagi 8, awiri pa silinda iliyonse. Nyali ya injini ikayaka padashibodi, kulipira makaniko wa kompyuta kuti awerenge vuto n'kotchipa kuposa kusintha zipangizo mongoyerekeza. Batire nayo siikhalitsa kumalo otentha. Yathu timasintha pakatha zaka ziwiri kapena kupitirira pang'ono.

Mvula ikakula ndipo North Rukuru, Lufilya kapena Songwe ikasefukira, kumbukirani kuti kagalimoto kakang'ono kamapumira pafupi ndi nthaka. Madzi akalowa m'njira ya mpweya, injini imaima nthawi yomweyo ndipo zitsulo zam'kati zimapindika. Ikazima m'madzi musayese kuiliza. Madzi amene akufika pakati pa tayala ndi okwanira kuti mubwerere.

Mtengo wake weniweni

Mitengo ya makwacha imakalamba msanga kuposa matayala. Pafupifupi sipeya iliyonse imagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Chipangizo cha madola 100 chinachoka pa K118,000 kufika pa K170,000 popanda wina kuwonjezapo phindu. N'chifukwa chake m'kope mwathu timalembanso mtengo uliwonse m'matumba a mpunga wopuntha a makilogalamu 50, monga unkagulidwira mwezi umenewo.

Kusintha oyilo ndi sefa yake kumatidyera pafupifupi theka la thumba, ndipo timachita zimenezi pa makilomita 5,000 aliwonse, amene ndi maulendo 11 opita ndi kubwera ku Mzuzu. Batire ndi thumba limodzi. Pampu ya madzi ndi mapaipi ake inatenga thumba limodzi. Mashoko awiri akutsogolo ndi mabushi, matumba awiri. Matayala anayi atsopano, matumba atatu kapena anayi. Chaka chopanda tsoka, osawerengera petulo, inshulansi ndi COF, kagalimoto kathu kamadya matumba 6 kapena 7. Mbale wa gasiketi uja anataya matumba anayi nthawi imodzi, ndipo mlongo wina amene giyabokosi yake inafa anafunika oposa 8.

Mtengo wokonzetsa uli ndi mbali zitatu: sipeya, ntchito ya makaniko, ndi mtunda. Yachitatuyi ndi imene anthu a m'mizinda saidziwa. Chipangizo chikasowa pa Karonga chimaitanitsidwa ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kutsidya ku Mbeya, ndipo chikabwera cholakwika ulendo umayambiranso. Tumizani nambala ya chassis ndi chithunzi cha chakalecho pa WhatsApp musanalipire. Pa chifukwa chomwechi, galimoto yofala ndi yotchipa kusunga kuposa yachilendo, ngakhale yachilendoyo itatsika mtengo pogula. Musanasankhe, yendani m'mashopu a sipeya ndi kufunsa zimene zili pashelefu.

Pamashelefupo pamakhala mitundu itatu: zenizeni zatsopano, zakale zochotsedwa ku magalimoto a ku Japan, ndi zongofanizira zotchipa. Makaniko wathu, bambo wachikulire amene watithandiza kuyambira pachiyambi, anatiuza mawu amene timawasunga: "Adada, pa nyali ndi pagalasi gulani zotchipa. Pa mabuleki, pa chiwongolero ndi pa matayala musanenerere, mukunyamula ana." Makaniko mmodzi wodziwa mbiri ya galimoto ndi chuma. Timamupempha kuti atibwezere chipangizo chakale chimene wachotsa, timagwirizana mtengo ntchito isanayambe, ndipo timamulipira tsiku lomwelo.

Galimoto ya mumpingo

Pa Luka 14 Yesu anafotokoza za munthu wofuna kumanga nsanja, amene ayenera kuyamba wakhala pansi ndi kuwerengera ngati adzaimaliza. Kwa banja la Chiadventist kuwerengerako kuli ndi dongosolo lake. Chakhumi ndi zopereka zimapatulidwa poyamba. Chakudya ndi fizi ya ana zimatsatira. Galimoto imabwera pambuyo, ndipo ili ndi envulopu yakeyake imene timaikamo kangachepe mwezi uliwonse, ngakhale mwezi umene palibe chafa. Envulopu ikauma, galimoto imaima pansi pa mtengo wa mango ndipo timakwera kabaza. Mu 2023 inaima masabata asanu ikudikira matayala, chifukwa mwezi umenewo unali wa fizi. Kuyenda pansi masabata asanu n'kopepuka kuposa katapila.

Palinso chinthu chimene wogula sauzidwa: galimoto ya Mkhristu siikhala yake yekha. Pa mpingo wa kumudzi pamene magalimoto ndi awiri kapena atatu, yanu ndiyo ambulansi. Khomo lathu lagogodedwapo pakati pa usiku chifukwa cha mayi woyembekezera, mwana wa malungo amene wayamba kukomoka, ndi gogo wolumidwa ndi njoka kumunda. Usiku wotere sipakhala nthawi yofunafuna wobwereka batire kapena pampu ya tayala. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene timakonzetsera zinthu zisanafe, ndipo sitilola thanki kutsika kupitirira kota ngati petulo akupezeka. Galimoto yosadalirika imakhumudwitsa mwini wake masana, koma usiku ikhoza kutayitsa moyo wa mnansi.

Chikondi chomwecho chimatiphunzitsa kukana. Nthawi ya msonkhano wa misasa aliyense amafuna kukwera, pamodzi ndi mphasa, mapoto ndi matumba a ufa. Kagalimoto ka mipando isanu kali ndi malamba asanu. Matumba anayi a makilogalamu 50 amalemera ngati akuluakulu atatu, ndipo kulemerako kumagwera mashoko, matayala, mabuleki ndi giyabokosi. Timayenda kawiri m'malo mopanikizana kamodzi. Poyamba ena anadandaula, koma tinafotokoza pamaso pa akulu a mpingo, ndipo tsopano a Dorika amasonkha ya petulo wa ulendo wachiwiri. Mwana sitimunyamula pamiyendo kumpando wakutsogolo, ndipo sitimusiya m'galimoto yotseka ngakhale kwa mphindi zochepa, chifukwa dzuwa la kuno limaisandutsa uvuni.

Sabata nalo limalowa m'nkhaniyi. Galimoto ikapita kugalaja timauza makaniko kuti ntchito yathu iime Lachisanu dzuwa lisanalowe ndipo ipitirire Lamulungu kapena Lolemba. Zimatichedwetsa nthawi zina, koma anazolowera, ndipo tsopano amatiuza yekha kuti tibwere nayo kumayambiriro kwa sabata. Lachisanu masana, pokonzekera Sabata, timatenga mphindi khumi kuyang'ana oyilo, madzi, mafuta a mabuleki, mpweya wa matayala onse pamodzi ndi lapadera, ndi nyali. Ana ndiwo amaima kumbuyo kutiuza ngati nyali za mabuleki zikuyaka.

Tsiku logulitsa

Galimoto iliyonse imafika pamene kukonzetsa kumaposa phindu lake. Ife tinagwirizana kuti ndalama zokonzetsera za chaka chimodzi zikadzayandikira gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo umene ingagulidwe, tidzaigulitsa. Tsiku limenelo lili ndi mayesero ake. Pamsika wa magalimoto pali njira zambiri zobisira matenda: oyilo wokhuthala wotseka phokoso, babu la nyali ya injini lochotsedwa, makilomita obwezedwa m'mbuyo. Buku la Miyambo, mutu 11, limatsutsa muyeso wonyenga, ndipo makilomita obwezedwa ndi muyeso wotero. Wogulayo mwina ndi mphunzitsi amene wasunga ndalama zaka zinayi monga tinachitira ife, ndipo adzanyamulamo ana ake kutsika Chiweta.

Wogula wathu tidzamupatsa makiyi pamodzi ndi kope lija, aone yekha chimene chinasinthidwa, tsiku lake, ndi chimene chatsala pang'ono kutha. Mwina mtengo udzatsika. Koma inunso amene mukukagula galimoto kwa mbale, funsani kope lotere, pitani ndi makaniko wanu, ndipo musachite manyazi kugwada n'kusuzumira pansi.